Nambala ya Kumchira

Ife anthu a kunyanja kudikira timakudziwa. Pitani padoko la Makawa kapena la Msaka dzuwa likamapendeka, mukapeza anyamata atakhala pamchenga, zovala zogwirira ntchito zili m'jumbo, maso ali pa mabwato. Amenewo si alendo, komanso si malova enieni. Ndi alovi opanda malo awoawo, amene akuyembekeza kuti mwina wina m'gulu la chilimira wadwala malungo, kapena wapita kumaliro, kapena wayambana ndi mwini ukonde. Siginala akangokodola ndi dzanja, mnyamata amadzambatuka osafunsa n'komwe kuti za usiku umenewo zigawidwa motani. Akapanda kukodoledwa, amangoonerera nyali zikulowera pakati pa nyanja, kenaka n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Ntchito sanagwire, komanso sanapume, pakuti tsiku lonse sakanatha kupita kumunda kapena kukaona chibwenzi ku Namiasi poopa kuphonya mwayi.

Anthu ambiri amayesa moyo wotere ndi wa osaphunzira okha. Koma ine ndili ndi mlongo wanga, wondipondera pamutu, amene amavala malaya oyera okhala ndi mizere pamapewa, ndipo akafika kumudzi ana amamuthamangira akufuula kuti kwabwera apailoti. Munthu ameneyu zaka zambiri za ntchito yake wazithera pa kudikira kwa mtundu womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye womukodola ndi lamya ya m'manja.

Ndege si zachilendo kuno kumwera kwa nyanja. Agogo athu ankasimba za ndege zotera pamadzi, za kampani ya BOAC, zimene zinkaima ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 paulendo wochokera ku England kupita ku Joni. Ife tinakula tikuona tindege ting'onoting'ono tikutera pabwalo la Club Makokola, kufupi ndi mudzi wa mayi athu, ndipo panali nthawi imene Air Malawi nayo inkafika pamenepo kudzatula alendo odzasambira. Mlongo wangayo akangomva kulira kwa ndege, mbuzi ankazisiya m'munda mwa eni n'kuthamangira kubwaloko, ndipo zikwapu zimene analandira chifukwa cha khalidwe limeneli sizowerengeka. Atatsiriza Fomu 4 anakana za uphunzitsi, anakana za unesi, anati iye ndi ndege basi.

Sukulu ya ndege si ya mwana wa munthu wamba, ndipo banja lonse linachita kusonkha. Amalume, amene anali ndi maukonde awiri a chilimira ndi lole yotengera usipa ku Limbe, anagulitsa loleyo ndi ukonde umodzi. Bambo anaikapo ndalama zawo zopumira pantchito. Mu 2008 mnyamata ananyamuka kupita ku South Africa, ndipo chakumapeto kwa 2009 anabwerako ndi layisensi komanso buku lolembamo maola amene wauluka. M'bukumo munali maola opitirira pang'ono 200.

Apa m'pamene pamayambira nkhani imene ambiri saidziwa. Layisensi yoyendetsa ndege molipidwa munthu amaipeza ndi maola pafupifupi 200, koma kuti adzakhale kaputeni wa ndege yonyamula anthu ambiri pamafunika layisensi ina ya maola 1,500. Pakati pa manambala awiriwa pali chigwa chimene chameza anyamata ndi atsikana ambiri. Ukafunsira ntchito akuti bwera ndi maola, chonsecho maolawo sungawapeze popanda ntchito. N'chifukwa chake chaka ndi chaka achinyamata ochokera ku Ulaya, ku Australia ndi kuno ku Africa amakaunjikana ku Maun, m'dziko la Botswana, kumene kuli makampani ambiri a tindege totengera alendo kudambo la Okavango. Amagona m'matenti miyezi yathunthu, m'mawa uliwonse n'kumazungulira maofesi kukaonetsa nkhope. Mlongo wanga naye anagonako m'tenti, pajatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anapezako malo, ndipo kwa zaka zitatu anayendetsa ka Cessna ka mipando isanu ndi umodzi, akunyamula alendo, makatoni a mazira ndi zitini za penti.

Mu 2013, chaka chimene Air Malawi inasiya kuuluka, iye analembedwa ndi kampani ina ya ku Joni ya ndege zapakatikati, zoyenda m'mizinda ing'onoing'ono ya kumwera kwa Africa kuno. Tsiku loyamba anamupatsa yunifolomu, chitupa cholowera pabwalo, ndi nambala. Nambalayo inali yotsiriza pamndandanda wa oyendetsa ndege onse a kampaniyo.

M'makampani ambiri a ndege, nambala imeneyi ndiyo moyo wa munthu. Imachokera pa tsiku limene unalembedwa ntchito, ndipo siyang'ana kuti unakhoza bwanji kusukulu kapena umatera mofewa chotani. Mwezi uliwonse pokonza ndandanda ya maulendo, amene nambala yake ili kumutu ndiye amayamba kusankha: amatenga maulendo a masana, amatenga Loweruka ndi Lamlungu kukhala kunyumba, amatenga tchuthi cha Disembala. Wotsatira amasankha pa zotsala, wotsatira wake pa zotsala za zotsala. Pofika kumchira palibenso chosankha. Kumeneko kumatsala masiku amene iwo amawatcha a sitandibayi, pamene munthu sapatsidwa ulendo uliwonse koma amauzidwa kuti akhale chire kuyambira ola lakuti mpaka ola lakuti, kuti wina akadwala, kapena ndege ikachedwa mpaka oyendetsa ake maola awo ololedwa n'kutha, iye akalowe m'malo. Kukwezedwa kukhala kaputeni kumatsatanso nambala yomweyo. Ntchito ikamachepa, oyamba kuchotsedwa ndi a kumchira omwewo.

Ndinakamuchezera mu 2015. Ankakhala m'kachipinda ka lendi ku Kempton Park, kufupi ndi bwalo la OR Tambo, pamalo poti ndege ikamadutsa makapu ankanjenjemera pashelefu. Pafupi ndi chitseko panali chikwama chomangamanga, ndipo pamsomali panali malaya awiri osita kale. Sabata imeneyo anali ndi masiku asanu a sitandibayi, kuyambira 4 koloko m'bandakucha mpaka 4 koloko madzulo, ndipo lamulo la kampani yake linali lakuti lamya ikalira akhale atafika pabwalo pasanathe maola awiri. Pokasamba, lamya ankaiika pazenera la bafa. Pokagula buledi ankayang'ana kaye ngati batire ili yodzaza. Lachisanu kumzikiti ankakhala mzere wa kumbuyo, kufupi ndi nsapato, lamya ili m'thumba la pamtima.

Tili ndi abale ambiri ku Joni, monga zilili ndi banja lililonse la ku Mangochi, ndipo msuweni wathu wa ku Lenasia anatiitana kuti tikadye mpunga. Ine ndinavala kale.

"Achemwali, pitani nokha. Kumeneko n'kutali, msewu ukadzaza sindingabwerere pa nthawi yake," anatero.

"Koma achimwene, lero ndi tsiku lachinayi, lamyayo sinalirepo."

"N'chifukwa chake ikhoza kulira lero."

Sinalire. Tsiku lachisanu inalira cha m'ma 3 koloko masana, munthu atadzuka kale 4 koloko m'mawa, ndipo anabwerako usiku, maso ali psuu. Ndinamufunsa kuti masiku anayi aja alipidwa bwanji. Anati malipiro a pamwezi alipo ndithu, koma gawo lina la ndalama limawerengedwa pa maola amene wauluka, ndipo kukhala pampando kuyang'ana lamya sikuwerengedwa ngati kuuluka. M'buku la maola namonso simulembedwa kanthu. Choncho munthu amene akufunitsitsa maola kuposa wina aliyense ndi yemweyo amene akuwapeza movutikira. Palinso lamulo lakuti woyendetsa ndege yonyamula anthu akhale atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, ndipo panali nyengo ina imene iye ankachita kuwerenga masiku pakalendala ndi mantha.

Munthu amene ankamvetsa zonsezi popanda kumufotokozera kawiri anali bambo athu. Iwo anagwira ntchito zaka makumi atatu m'sitima za pa Monkey Bay, kuchipinda cha injini, kuyambira nthawi imene sitimazo zinali m'manja mwa Malawi Railways. Nawonso anayamba ngati wogwirizira. Masiku amenewo Ilala inkanyamuka Lachisanu kupita ku Chilumba n'kudzabwerako Lachitatu, ndipo mayi amasimba kuti Lachinayi lililonse bambo ankagona chikwama chili kumutu, podziwa kuti nthawi ina iliyonse wapanjinga akhoza kugogoda kuti wakutiwakuti wadwala, tiyeni kudoko. Anakwera pang'onopang'ono, mmodzi akapuma iwo n'kusendera, mpaka anadzakhala ndi malo awoawo ndi anyamata awo owatuma.

Chaka china mlongo wanga atabwera patchuthi, cha mu Febuluwale poti ndi mwezi umene akuluakulu anzake sankaufuna, anadandaula pakhonde kuti pali akaputeni ena amene iye amawaposa, koma adzafa asanawapitirire. Bambo anamusiya alankhule mpaka anathetsa.

"Mwananga, usanyoze mzere. Mzere ulibe mlamu. Ukauchotsa, akukweza ndani? Amene amaseka nthabwala za bwana."

"Koma Baba, ngakhale munthu waulesi akwezedwe poti anabwera kale?"

"Waulesi amagwa yekha pa mayeso. Ine ndikunena za tsiku limene udzaone kuti injini sikumveka bwino, bwana n'kumati tiyeni. Ngati kukwezedwa kwako kuli m'thumba mwa bwanayo, udzati tiyeni. Ngati kuli pa nambala, udzati ayi, ndipo mawa nambala yako idzakhala pomwepo."

Bambo ankalankhula ngati munthu amene mwera anaulawa ali pansi pa sitima. Aliyense wodutsa pa nsanja ya wotchi ya pa boma la Mangochi amaona chikumbutso cha Vipya, sitima imene inagubuduzika ndi mphepo pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja n'kupha anthu 145. Anthu a m'sitima amakula ndi nkhani imeneyo, ndipo amadziwa kuti pamadzi pamafunika munthu wotha kukana. Mawu a bambowo ndi omwenso amanena oyendetsa ndege a ku America. Bungwe lawo la ALPA linakhazikitsidwa mu 1931 ndi anthu amene ankanyamula makalata pandege, atatopa ndi kukakamizidwa kuuluka kunja kutaipa. Mabungwe otere ndiwo anamenyera kuti tsiku lolembedwa ntchito likhale muyeso, kuti pasakhale bwana wolanga munthu mwakachetechete pomumana ukaputeni chifukwa anakana kunyamuka. M'dziko ngati lathu, mmene mwana wa mlongo wa bwana amapezeka wadumpha anthu khumi popanda wofunsa, mfundo imeneyi siyofunika kuiphunzitsa.

Choncho ine mzere sindiutsutsa. Chimene ndimakana ndi kunamizana kuti mzere uliwonse umayenda. Nambala imasendera pokhapokha wina wa kutsogolo apume, achoke, amwalire, kapena kampani igule ndege zina. Ku America, mu Disembala 2007, boma linakweza zaka zopumira za oyendetsa ndege kuchoka pa 60 kufika pa 65. Kwa akuluakulu inali nkhani yabwino, koma kwa zaka zisanu kumutu kwa mzere kunalibe wochoka, ndipo a kumchira anangoima pamene anali. Ngati zinatero m'dziko la ndege zikwizikwi, nanga kwathu kuno? Malawian Airlines, imene inalowa m'malo mwa Air Malawi mu Januwale 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, inayamba ndi ndege ziwiri zokha. Pa ndege ziwiri pali mipando ya ukaputeni ingati? Mwana wa ku Makawa wofuna kuuluka amayenera kukaima pamzere wa eni kunja, kumene ngakhale chilolezo chogwirira ntchito chimam'kumbutsa kuti ndi mlendo.

Chachiwiri, nambala imeneyi siyenda ndi mwini wake. Mphunzitsi akasamuka ku Mangochi kupita ku Karonga amanyamula zaka zake. Dokotala akachoka chipatala china kupita china salembedwa ngati wongotuluka kumene kusukulu. Koma woyendetsa ndege kampani yake ikagwa, kapena iye akaganiza zochoka, kumene akupitako kawirikawiri amakayambira kumchira, ngakhale ali ndi imvi. Ndiye munthu amapirira zambiri poopa kutaya malo ake. Mzere umene umamuteteza kwa bwana ndi womwewo umene umamumanga miyendo kuti asachoke.

Dziko linaona poyera mmene a kumchira amakhalira pa 12 Febuluwale 2009, pamene ndege ya Colgan Air yochokera ku Newark inagwera nyumba kufupi ndi mzinda wa Buffalo n'kupha anthu 50. Inali ya mtundu wa Q400, womwewo umene Malawian Airlines inayamba nawo. Ofufuza anapeza kuti gwero la ngoziyo linali kulakwitsa kwa kaputeni ndege itayamba kuchepa liwiro, koma anapezanso zina zimene zinadzidzimutsa anthu. Wachiwiri kwa kaputeniyo anali mtsikana wa zaka 24 amene ankalandira pafupifupi madola 16,000 pachaka, ndalama yochepa kwambiri kumeneko. Ankakhala kufupi ndi Seattle, kumadzulo kwenikweni kwa dzikolo, ndipo usiku wa dzulo lake anauthera m'ndege zonyamula katundu kudutsa dziko lonse kuti akapezeke pantchito ku Newark. Ngoziyi itachitika, America inalamula kuti kuyambira mu 2013 ngakhale wachiwiri kwa kaputeni akhale ndi layisensi ya maola 1,500, ndipo mu 2014 inakhwimitsa malamulo a kupuma, kuti munthu apatsidwe maola osachepera khumi asanayambe ntchito. Zinatengera maliro makumi asanu kuti anthu afunse kuti wokhala mpando wa kudzanja lamanja uja anagona kuti.

Ife funso lathu linadzafika m'njira ina. Bambo anatisiya m'bandakucha wa tsiku lina mu Disembala 2016. Kwathu ndife Asilamu, ndipo maliro sitigoneka masiku. Komanso amene akudziwa kutentha kwa Mangochi mwezi umenewo sangafunse chifukwa chake. Ndinamuimbira mlongo wanga cha m'ma 5 koloko. Anayankha lamya isanamalize kulira kamodzi, ndi mawu a kuntchito, poti anali pa sitandibayi ndipo ankayesa ndi ku ofesi.

Anaimba kuntchito kwake nthawi yomweyo. Amene anayankha anapepesa, ndipo ndikhulupirira kuti anapepesa kuchokera pansi pamtima, koma anati mwezi wake ndi woipa: akuluakulu ali patchuthi, awiri adwala, ndipo pa mtundu wa ndege yakeyo wodikira analipo ndi iye yekha. Anamupempha apirire mpaka apeze wina wovomera kusiya tsiku lake lopuma. Wina anapezeka cha m'ma 11 koloko. Pamenepo n'kuti ndege yopita ku Chileka itanyamuka.

Mayi anapempha amalume kuti akalankhule ndi ashehe, mwina n'kudikira mpaka mawa. Amalume anamuimbira mwini wakeyo kuti amve maganizo ake.

"Amalume, musawasunge Baba chifukwa cha ine. Ngakhale mawa sindikudziwa ngati ndipeze mpando. Aikeni."

Anawaika atatha mapemphero a masana. Ife akazi kumanda sitipita, choncho zimene zinachitika kumeneko ndinachita kumva. Msuweni wathu wina anaimba lamya n'kuigwira m'mwamba, kuti mwana wamwamuna yekhayo wa malemuwo amve mapemphero ndi kugwa kwa dothi ali m'kachipinda ka ku Kempton Park, atavala thalauzi la yunifolomu. M'mawa wonse umene anamusunga uja palibe ndege imene inamufuna.

Tsiku lotsatira ndege inali yodzaza ndi a Malawi obwera kutchuthi, ndipo tikiti yogula panalibe. Ogwira ntchito za ndege amakhala ndi tikiti yotchipa, koma imakweza munthu pokhapokha mpando utatsala, ndipo pa mipando yotsalayo pamakhalanso mzere wake. Anaima pachipata ndi chikwama mpaka chitseko chinatsekedwa. Anakwera tsiku lachitatu. Kuchokera ku Joni kufika ku Chileka ndi maola awiri ndi mphindi zochepa, koma makilomita pafupifupi 190 ochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde anam'tengera nthawi yoposa pamenepo kawiri, poti msewu wa Liwonde nthawi imeneyo unali maenje okhaokha. Anafika anthu akutsuka mbale za sadaka. Anagwada pamaso pa mayi osalankhula kanthu, ndipo mayi anangomusisita kumutu n'kunena kuti, "Bambo ako akanamvetsa. Iwonso mayi awo anawaika ali ku Nkhata Bay."

Mawu amenewo anamutonthoza iye, koma ine sananditonthoze. Mibadwo iwiri m'banja limodzi, wina pamadzi wina mumlengalenga, ndipo onse awiri anaphonya dothi la kholo lawo. Munthu wa mu ofesi uja sindimuimba mlandu. Naye anali ndi ndandanda yoti aitseke mabowo. Koma bowolo silinabwere ndi mphepo. Kampani ikafuna kusunga ndalama imachepetsa odikira, n'kusiya mmodzi pamene pakanakhala awiri, podziwa kuti mmodziyo sangakane poti ndi wamng'ono. Ndege zimanyamuka pa nthawi yake, apaulendo amayamikira, ndipo mtengo wa kusunga nthawiko amalipira ndi munthu amene sakuoneka, amalipira ndi maukwati a abale, ndi Idi, ndi maliro. Mlonda wa pasitolo usiku ukadutsa popanda wakuba sitinena kuti sanagwire ntchito. Sindimvetsa chifukwa chimene wodikira lamya amawerengedwa ngati munthu amene wapatsidwa tsiku laulere.

Mzere uja unadzayenda ndithu. Mu 2018 kampani inawonjezera ndege, kunabwera anyamata atsopano, ndipo mlongo wanga anayamba kulandira ndandanda yokhala ndi maulendo enieni. Anakwatira, anasamuka m'kachipinda kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba anatha kundiuza mwezi wathunthu usanafike kuti tsiku lakuti adzakhala kunyumba. Ndinamufunsa ngati tsopano amawamvera chisoni a kumchira. Anaseka, nati chisoni amamva, koma Loweruka lake sangapereke, poti analigula ndi zaka zisanu. Sindinamudzudzule. Umu ndi mmene dongosololi limadzitetezera: aliyense amene lamupweteka amadzafika poti akalisintha ataya zimene wavutikira. Anali atayamba kuwerengera mayeso a ukaputeni.

Kenaka kunabwera Covid-19. Chakumapeto kwa Malichi 2020 South Africa inatseka zipata, ndege zinaima m'mabwalo zitakutidwa mainjini, ndipo makampani anayamba kudula anthu kuchokera kumchira kupita kumutu. Mpeni unadutsa anyamata atsopano aja, n'kudutsanso iye. Makampani ena akuluakulu sanadzukenso: SA Express inathera pomwepo mu 2020, ndipo Comair inatsekedwa mu 2022, akaputeni a zaka makumi awiri n'kupezeka ali pamsewu limodzi ndi ana a dzulo. Mlongo wanga anabwera kumudzi ndi mkazi ndi khanda. Kwa chaka ndi theka ankathandiza amalume kuwerengera mafuta a injini ya boti ndi kulemba za usipa m'kope, kwinaku akutumiza makalata ofunsira ntchito ndi kusunga ndalama zokapimitsa kwa dokotala wa ndege kuti layisensi isafe. Padoko alovi ankamutcha apailoti monga kale, ndipo sindinathe kudziwa ngati kunali kulemekeza kapena kuseka.

Chakumapeto kwa 2022 kampani ina, ya dziko linanso, inamulemba. Anali ndi zaka 36, maola masauzande angapo m'buku, ndi imvi zoyamba m'ndevu. Anamupatsa yunifolomu, chitupa ndi nambala yotsiriza pamndandanda. Pamwamba pake panali mnyamata amene iye anamuphunzitsapo kutera pa tibwalo ta fumbi ta ku Okavango, amene anafika pakampanipo miyezi isanu ndi itatu iye asanafike.

Mayi tsopano maso achita mdima, ndipo Ramadani ikamayandikira amayamba kufunsa za Idi. Ndinawafotokozerapo kuti tchuthi kumeneko amapempha mwezi wathunthu zisanachitike, pamene Idi imadikira kuoneka kwa mwezi, choncho munthu ayenera kupempha masiku awiri kapena atatu kuti alasepo limodzi, ndipo masiku atatu otsatizana sapatsidwa kwa a kumchira. Amamvetsera bwinobwino, kenaka amati ndimuimbire.

"Nanga chaka chino ubwera, mwananga?"

"Ndapempha, Amayi. Ndandanda ituluka pa 20."

"Patsogolo pako patsala angati?"

"Pamene ndinkalowa kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Pano kuli anthu khumi ndi mmodzi."

Mayi anandiuza kuti ndisunge nkhuku ziwiri, imodzi ya Idi, inayo ya tsiku limene adzafike.